Buleki ya Dzanja Lamanzere

Jasinta mwana wanga,

Ndikulemba ndili pakhonde, dzuwa likadalipo, iwe uli kwa malume ako a Dominiko kokatsazika. Ukabwera upeza pepalali pamwamba pa chikwama chako. Ukudziwa kuti pakamwa ine sinditha. Dzulo ndinayamba kunena, iwe unandidula, ine n'kungoti chabwino. Sichinali chabwino ayi. Ndinangosowa poyambira.

Unati, "Papa, njinga ya Mama musayikhudze, ndipo asayikhudze munthu wina aliyense. Ndipita nayo momwe anayisiyira." Unanena utagwira chishalo ndi manja onse awiri, ngati pali wina wofuna kukulanda. Palibe wokulanda, mwana wanga. Njingayo ndi yako. Malume ako anakupatsa pamaso pa abale onse tsiku logawa katundu wa amayi ako, ndipo ine ndinavomera ndi mtima wonse.

Sindikulembera za ntchito yako. Unamwino waphunzira ku Tete kwa anthu oudziwa, ine ndilibe chowonjezera. Za kupemphera, za amuna, za kulemekeza akuluakulu a kumene ukupita, amayi ako anakuuza ali moyo, ndipo anakuuza bwino kuposa momwe ine ndingathere. Ine ndili ndi chimodzi chokha. Usayikwere njingayo isanapite kwa a Zakariya okonza njinga, ku ofisina yawo kuseri kwa msika wa Ulongwe. Palinso china chachitika m'nyumba muno lero. Ndichinena kumapeto, chifukwa ndikachinena pano usiya kuwerenga.

Wayipukuta bwino, ndaona. Ikuwala ngati tsiku lomwe amayi ako anabwera nayo kuchokera kumsika wa pamalire ku Kalomwe, iwe uli ku internato, kusukulu yogonera komweko, akuyiyendetsa ndi manja chifukwa magiya ake anali asanawazolowere. Koma kumbukira kumene yakhala. Amayi ako atayamba kudwala ndinayikoleka pamtanda m'chipinda chosungira chimanga. Itaperekedwa kwa iwe unali ukubwerera kusukulu, choncho inabwereranso pamtanda pomwepo. Mvula yonse ya chaka chino yayamba ndi kutha ili pamenepo, ndipo lata la pangodya ija ukulidziwa momwe limadonthera. Nsalu imapukuta kunja. Waya wa buleki amadutsa m'kapaipi kakuda kaja kuchokera pachiwongolero mpaka kutayala, ndipo madzi akalowa m'menemo satuluka. Dzimbiri limadya mkati momwemo. Kunja kapaipi kali bwinobwino, ukafinya pang'ono pabwalo buleki ikugwira, iwe n'kumati zonse zili bwino. Waya wotero saduka pabwalo. Amadikira pamtsetse, pamene wafinya ndi mphamvu zako zonse.

Njira yomwe ukaziyenda ndikuyidziwa. Ndinayiyendapo pokagula mbewu ya nyemba kupitirira Lifidzi. Kuchokera pa kachipatala komwe akutumiza, kupita kumidzi ya kutsidya komwe uzikayeza ana sikelo, pali mtsetse wautali wotsikira kumtsinje. Mvula ikangotha, ngati panopa, ngalande zomwe madzi anakumba pakati pa njira zimauma gwa, ndipo pamwamba pake pamatsala timiyala toterera. Kumunsi njira imakhota mwadzidzidzi, kenako pali mlatho wa mitengo wopanda chogwira m'mbali. Iwe udzakhala ndi bokosi la katemera pakaliyala, likukukankha kumbuyo. Wanena wekha kuti ulendo woyamba wakumidzi ndi wa sabata yamawa, chifukwa njira zauma ndipo ana akhala osaonedwa dzinja lonse. Ndikamatseka maso ndimaona pokhota paja. Usatsike mtsetse umenewo pa njinga yomwe a Zakariya sanayione.

Chaka chomwe unabadwa ndinali ndi njinga yanga, yonyamulira anyezi kupita ku Kalomwe. Tsiku lina waya wa buleki yakumbuyo anaduka ndikulowa pamsika. Ndinali ndi changu, kumwamba kutada. Mmodzi wa anyamata onyamula katundu pamalire paja anatenga mbali ziwirizo, n'kuzimanga mfundo, n'kuzikulunga ndi mphira wa chubu. Anati, "Madala, iyi ifika mpaka ku Tete osapumira." Tinaseka tonse. Sinafike ngakhale pamtsetse wachiwiri. Nditafinya ndinangomva kupepuka m'dzanja, ngati ndagwira mpweya. Ndinaponda tayala lakutsogolo ndi chidendene monga amachitira ana, nsapato inang'ambika, kenako chidendenecho. Chipsera chija unkachigwiragwira uli wamng'ono n'kumafunsa ngati inandiluma njoka, chinachokera pamenepo. Waya woduka samangidwa mfundo, Jasinta. Ngakhale womangayo akhale wokoma mtima bwanji, ngakhale ulendo ukhale wachangu bwanji. Amachotsedwa yense, n'kuikapo watsopano. Sunga mawu amenewa, uwafuna posachedwa.

Nthawi ina mabuleki a njinga yomweyo anayamba kulira, phokoso lomveka mpaka kutchalitchi. Ndinkachita manyazi podutsa pa anthu. Loweruka lina ndinatenga botolo la mafuta ophikira, n'kuthira pa tcheni, pa masipoko, ndi pa timphira tomwe timagwira limu ya tayala. Amayi ako anatuluka, anayima pakhomo atagwira m'chiuno, anati, "Bambo a Jasinta, njingayo mukufuna kuyikazinga? Ndibwere ndi anyezi?" Ndinawayankha kuti za zitsulo azisiyira amuna. Phokoso linathadi. Mawa lake ndinatsika kamtsetse ka kuseri kwa sukulu mwakachetechete, ndinafinya mabuleki onse awiri mwakachetechete, ndipo ndinalowa m'munda wa mbatata ya kachewere wa mayi wina mwakachetechete. Ndinagwa chafufumimba pakati pa mizere. Mwini munda anasiya khasu, anandiyang'ana, anati, "Mwabwera kudzagula kapena kudzakumba nokha?" Amayi ako anaseka nkhani imeneyi zaka zambiri. Ndikukuuza chifukwa ndaona kabotolo ka mafuta a makina osokera m'thumba la m'mbali la chikwama chako. Ndikudziwa maganizo ako, ukufuna kuyisamala wekha kuti manja a mlendo asayigwire. Pa tcheni thira, pang'ono, n'kupukuta. Pa limu ndi pa timphira usayandikizepo. Ndipo mafuta sachiza dzimbiri lomwe lili mkati mwa kapaipi.

Tsopano chomwe sukuchidziwa, chifukwa njingayi sunayikwerepo ndipo amayi ako sankabwereketsa. Dzanja lawo lamanja unkalidziwa. Linathyoka ali mtsikana, atagwa pamiyala pothawira ku Dedza nthawi ya nkhondo, ndipo linapola mopindika. Khasu ankagwira, mtsuko ankasenza, koma kufinya kanthu mwamphamvu silinkatha. Atagula njingayi anavutika, chifukwa buleki yakumbuyo, yomwe munthu amadalira potsika ndi katundu, inali kudzanja lamanja. Anapita nayo kwa a Zakariya. A Zakariya anawagwira manja onse awiri, anawauza kuti afinye zala zawo, kenako anasinthanitsa mawaya. Kuyambira pamenepo, pa njinga imeneyi dzanja lamanzere ndilo limagwira tayala lakumbuyo, lamanja limagwira lakutsogolo. Njinga za anzako zomwe unkakwera ku Tete sizili choncho, unandiuza wekha kuti lamanja ndilo lakumbuyo. Pamtsetse munthu saganiza. Dzanja limachita zomwe linazolowera.

Dzino lakutsogolo la malume ako, lomwe amati anawachotsa adokotala ku Tete, silinachotsedwe ndi dokotala. Anabwera kuno tsiku lina amayi ako ali kudimba, anatenga njinga kuti akafike msanga kumaliro. Ndinawathamangira kuti ndiwauze. Anandikwezera dzanja ali kale pamsewu, akuti, "Alamu, ine ndinayamba kupalasa inu musanamere ndevu!" Pa kamtsetse ka kuchigayo mbuzi inadutsa. Anafinya lamanja. Tayala lakutsogolo linaima pomwepo, lakumbuyo linanyamuka, iwo anadutsa pamwamba pa chiwongolero n'kukatera pakamwa. Anabwera akukankha njinga, atatseka pakamwa ndi chipewa. Amayi ako anayamba ayang'ana njinga mbali zonse, kenako ndiye anafunsa mlongo wawo ngati wapweteka. Malume ako anali pa kamtsetse kakang'ono, opanda katundu, pansi pali dothi. Iwe udzakhala pa mtsetse uja, bokosi kumbuyo, mtsinje kutsogolo. Usakawafunse za dzinolo, angachite manyazi. Ungodziwa.

Ndikudziwa chomwe ukuopa. Ukuopa kuti a Zakariya akadula kansalu kachitenje komwe amayi ako anamanga pachiwongolero. Ukuopa kuti akakweza chishalo, akachotsa mphira womwe unakulungidwa pa chogwirira chakumanzere, pomwe padyeka molingana ndi chikhatho chawo. Ukuopa kuti ikabwera kuchokera ku ofisina ikakhala njinga wamba ngati zina zonse. Sindikukuseka. Nsapato zawo zakutchalitchi zikadali pansi pa bedi mbali yawo, ndipo ndikamasesa ndimazizungulira. Azakhali ako anandiuza kuti ndizipereke, ndinati ndamva, zikadali pompo. Koma nsapato zili pansi pa bedi sizingaphe munthu. Ukanakhala kuti ukufuna kuyikoleka pamtanda kuti uziyiyang'ana, sindikanalemba kalatayi. Iwe ukufuna kuyikwera.

Ukuti upita nayo momwe anayisiyira. Tamva momwe iwo ankachitira. Chaka chilichonse Pasaka ikadutsa, chimanga chikayamba kuuma, nyemba zoyamba zisanapite ku Kalomwe, amayi ako ankayitulutsa njingayi m'mamawa n'kuyikankha mpaka ku Ulongwe. Kukankha, osati kukwera. Anthu panjira ankawaseka, "Mayi, mwagula njinga yoyenda nayo limodzi ngati mnzanu?" Iwo ankayankha kuti, "Chinthu chagona dzinja lonse, ndichikhulupirire bwanji chisanasukusule?" Ankakhala pa benchi la a Zakariya mpaka ntchito ithe, akuwalondalonda ndi maso. A Zakariya ankadandaula kuti, "Mayi a Jasinta, pitani mukagule tomato, mukundipanikiza." Iwo osasuntha. Pobwerera ndiye ankakwera, ndipo ndinkawamva akuliza belu asanafike pa mtengo wa mapeyala. Sanadumphepo chaka. Chaka chatha chokha ndiye sanapite, ndipo ukudziwa chifukwa chake. Choncho njingayi yagona madzinja awiri tsopano osaonedwa. Amayi ako akanakuona ukuyikweza pa minibasi ya shapa osadutsa nayo kwa a Zakariya, akanakubweza pamsewu, ndipo mawu ake ukuwadziwa.

Ukakafika, uwauze kuti ndiwe mwana wa ndani, ngakhale njingayo akayizindikira usanatsegule pakamwa. Uwauze kuti yakhala pamtanda dzinja lonse pansi pa lata lodontha. Mawaya onse awiri achotse pamodzi ndi timapaipi take, asangothira mafuta. Timphira ta mabuleki tauma, ndatiyang'ana, tachita ming'alu. Matayala akuoneka amoyo koma m'mbali mwake ayamba kusweka, awapinde ndi manja uone wekha. Aone tcheni, aone magiya ngati akulowa onse, makamaka opepuka aja, chifukwa chikweza chochokera kumtsinje sungachithe popanda iwo. Agwedeze matayala ndi chiwongolero, ngati pali pogwedera amange. Bomba lopopera matayala ndi zomatira chubu uzikhala nazo nthawi zonse, kumeneko kulibe ofisina. Kansalu kaja uwauze asakakhudze, ndipo sakakhudza. Ankakadziwa amayi ako ali moyo, ankakapewa ndi manja awo amafuta. Chishalo chokha ulole akweze. Ndiwe wamtali kuposa amayi ako, mawondo angakupweteke.

Za mabuleki, ine maganizo anga ndi akuti awabwezere momwe unazolowera. Ndikudziwa kuti pamenepa ndi pomwe ukane kwambiri, chifukwa kusinthanitsa kuja kunali kwa amayi ako okha, palibe njinga ina m'dera lino yotero. Koma anasinthira dzanja lawo lopweteka. Sanasinthire kuti chikhale chikumbutso. Iwe manja ako onse ndi abwino, ndinawawerenga zala tsiku lomwe unabadwa, amayi ako akundiseka. Manja ako si a amayi ako, Jasinta. Njinga iyenera kumvera dzanja la amene ali pachishalo. Ukakana ndithu, ndiye usapite nayo kumidzi usanazungulire nayo pabwalo la mpira masiku ambiri, mpaka lamanzere lizifinya lokha usanaganize. Koma ine ndapempha, awabwezere.

Tsopano chija ndinati ndinena kumapeto.

Utachoka m'mawa uno ndinalowa pabalaza. Njinga inali pomwe unayitsamiritsa, pafupi ndi zikwama. Sindinapite kukayiyesa, ndikunena zoona. Ndinaima pambali pake nthawi ndithu. Kenako ndinaika dzanja langa pa mphira wakumanzere uja, pomwe padyeka. Chikhatho changa n'chachikulu, sichinakwanepo. Zala zinapita zokha pa chofinyira, ndipo ndinafinya kamodzi, mwamphamvu, monga ankachitira amayi ako asananyamuke pakhomo. Kunamveka kuti thu. Chofinyira chinagwera pachiwongolero chopanda mphamvu, ngati tsiku lija la anyezi.

Waya wa buleki yakumbuyo waduka. Unandiuza kuti ndisayikhudze, ndinavomera, ndipo ndayikhudza. Sindibisa, komanso sindinayese kukonza. Kachidutswa komwe kanatuluka m'kapaipi ndakakulunga m'munsi mwa pepala lino. Katenge ukapotokole ndi zala. Uona kuti tingwe take tambiri tinali titaduka kale, tofiira ndi dzimbiri, ndipo towala, tomwe taduka lero, n'tochepa kwambiri. Pa timeneto ndi pomwe unali kukatsikira kumtsinje. Ndinakhala pansi pomwepo pabalaza. Ndakhala ndikukayang'ana kuyambira m'mawa.

Panopa njinga ya amayi ako yatsala ndi buleki imodzi, yakutsogolo, ndipo ili kudzanja lomwe iwe ungathamangire kufinya. Ukwiya, ndikudziwa. Kwiya. Ukhoza osandilankhula madzulo ano, ukhoza kuchoka mawa osandilankhula, ndipirira. Koma usamange mfundo. Usalole wina wa pa siteji ya shapa akuuze kuti ayimanga ndi mphira ifika. Usanene kuti ukakonzetsa ukafika, kumeneko kulibe wokonza, ndipo tsiku la sikelo likakwana ndikukudziwa, udzakwera, chifukwa ana akudikira.

Shapa yopita ku Lifidzi imadzadza mochedwa, dzuwa litakwera. A Zakariya amatsegula m'mamawa. Tikanyamuka tikangomwa tiyi, ntchito ikatha shapa isananyamuke, ndipo ikatisiya ina ibwera mkucha, kachipatala sikathawa. Zikwama ndamangirira kale zingwe zoti zikhale pakaliyala. Ine ndikankha, iwe uziyenda pambali, kapena kumbuyo ngati sukufuna kundiona nkhope. Ngati sukufuna kuti ndiyigwirenso, ukankhe ndiwe, ine ndisenze zikwama pamutu. Pa benchi paja ukakhale ndiwe, uwalondelonde a Zakariya ndi maso mpaka adandaule.

Akamaliza, ukayikwere pamsewu wa kuseri kwa msika, ukafinye mabuleki onse awiri mwamphamvu ine ndikuona. Belu likugwira, limenelo ndaliyesa dala. Ukalize kamodzi pobwerera.

Ndine bambo ako.